Polira Ya Mabinty Thullah, Amene Sitinawafunse

Kwa ana a malemu, Sento ndi Abass. Kwa a Pa Santigie Thullah ndi banja lonse la kwa Thullah. Ndiponso kwa anthu onse a mu Makeni.

Ine Posseh Kanu, m'malo mwa amayi ndi antchito onse a bungwe la Mthunzi wa Amayi, ndikulemba ndi mtima wosweka kunena kuti talandira modzidzimuka ndiponso mwachisoni chosaneneka uthenga wa imfa ya mayi wathu, amene tonse tinkawatchula mwaulemu kuti Ya Mabinty Thullah, mmodzi mwa amayi anayi amene tinayambitsa bungweli, amene anatisiya m'mawa wa Lachiwiri pa 4 Juni kunyumba kwa amuna awo, a Sorie Gbla. A pabanja alengeza kuti malemu anaterereka pa chitsime. Mkazi wamng'ono wa a Gbla, Yeabu, amene anali pakhomopo m'mawa umenewo, akunena zina, ndipo pamene ndikulemba pano ali m'manja mwathu ndi khanda lake, uku mabanja onse awiri akufuna kuti timubweze. Ine sindine woweruza, ndipo mlandu ndi wa khoti. Koma ndikalemba chipepeso ngati sindikudziwa zimenezi ndikhala ndanamiza maliro, ndiye mundikhululukire ngati kalatayi siyofewa monga munkayembekezera.

Tinayamba m'chaka cha 2003, nkhondo itangotha, tili ndi chipinda chimodzi kuseri kwa msika ndi migolo iwiri yonyikira nsalu. Oyamba kugogoda anali atsikana ochokera kutchire kumene zigawenga zinawatengera, atabereka ana amene midzi yawo inkakana kuwatcha mayina. Ya Mabinty ndiwo anatiphunzitsa kuti munthu wogwiriridwa safunsidwa mafunso tsiku loyamba: umamupatsa mpunga wa chigwada, umamupatsa nsalu kuti azimanga mfundo, ndipo tsiku lachitatu kapena lachisanu ndi chinayi amayamba yekha kulankhula maso ali pa ulusi. Mu 2009 tinatsegula nyumba yobisika, imene malo ake ankadziwika kwa anthu asanu okha. M'zaka makumi awiri ndi chimodzi, malemu anaperekeza amayi oposa mazana asanu ndi anayi kuchipatala, kupolisi ndi kukhoti, nthawi zambiri wapansi, manja awo ali bii ndi utoto, ndipo palibe kalaliki m'tauni muno amene sanamvepo mawu awo akuti, "Mwana wanga, lemba bwinobwino, ndikudikira."

Ndiwo amenenso anaika lamulo lathu lalikulu, loti pakhomo pa bungweli salandirapo kola. Tonse tikudziwa kuti amene watambasula dzanja kulandira mtedza wa kola wopepesera wavomera kuti nkhani yatha ndipo mkazi abwerera. Ndikukumbukira bambo wina amene anafika ndi amalume ake atatu, chipanda cha kola chili m'manja, atathyola mkazi wake mkono. Ya Mabinty anabisa manja kumbuyo n'kunena kuti, "Iii, bambo, mwavutika nayo! Koma mwalakwa khomo. Pitani nayo kuchipatala, akaione ngati imalumikiza fupa." Amayi onse pabwalo anaphulika kuseka, ndipo bamboyo anabwerera nayo kola yake.

Tsopano ndinene manyazi athu ife eni, chifukwa sindingaloze ena chala ndisanadziloze.

Utoto wofiirira wa nsalu zathu timaupanga ndi kola yosinja, ndipo timagula kumsika. Katatu konse m'zaka zisanu ndi chimodzi zapitazi, Ya Mabinty anabwera kuntchito ndi kola yawoyawo, yokutidwa bwino m'masamba, yomangidwa ndi ulusi woyera, n'kuiika pafupi ndi mtondo. Ine, amene ndabweza zipanda zotere kambirimbiri, ndinangoona utoto waulere. Ndinawasereula ndithu: "Ya Mabinty, kodi mwapeza chibwenzi cholima kola? Tiuzeni tikachione!" Iwo anati, "Iwe Posseh, pakamwa pakopo! Sinja, dzuwa likupita." Tinasinja, tinanyika, nsalu zinatuluka zokongola, tinaomba m'manja. Kola yamsika siimangidwa ndi ulusi woyera; yomangidwa chotero ndi yopepesera. Ngakhale mwana amadziwa. Tinkafunsa mkazi aliyense wovala malaya a manja aatali m'chilimwe, koma mayi wathuyo sitinawafunse ndi tsiku limodzi lomwe, chifukwa tinkati ndiwo olimba.

Yeabu ndiye watiuza kumene kola ija inkachokera. Katatu Ya Mabinty anathawira kwa mlongo wawo atamenyedwa. Katatu a Gbla analondola ndi chipanda. Katatu mlongoyo analandira, nagawira malemu gawo lawo, nawakweza pa njinga yamoto kubwerera, ati, "Chemwali, inu ndinu mayi wa bungwe. Anthu akamva kuti inunso mwathawa, adzati chiyani?"

Mlongo ameneyo ndinu, a Pa Santigie.

Ndikulankhula nanu mwaulemu monga wamkulu wanga ndiponso monga namfedwa, koma ndikuuzani poyera kuti mwatipereka, ndipo zikundipweteka kuposa mmene ndingalembere. Zaka khumi ndi ziwiri mwakhala m'komiti yathu. Chaka ndi chaka mwayenda patsogolo pa perete wathu mutavala malaya a nsalu yathu, mukuuza amuna anzanu pa chimkuzamawu kuti mkazi si ng'oma. Tinakukhulupirirani mpaka tinakuuzani pamene panali nyumba yobisika, chinthu chimene ngakhale mwamuna wanga sanachidziwe mpaka kumwalira. Ndiye Lachisanu lapitali masana, mapemphero a tsiku lachisanu ndi chiwiri atangodutsa, ndinatsegula chipata cha nyumba imeneyo n'kupeza inu mutaima, kumbuyo kwanu kuli amalume awiri a a Gbla ndi chipanda.

"Posseh, mwana wanga," munatero, "wopita wapita. Tisachititse manyazi mabanja awiri. Mtsikanayo abwerere kwa mwamuna wake, pa mapemphero a masiku makumi anayi anthu akamuone akuphika. Zam'nyumba tikambirana ife akuluakulu."

Ndinafunsa kuti, "Bambo, anthu awa wawasonyeza njira ndani?"

Munati, "Aaa, usatero, awatu ndi anthu aulemu."

Chifukwa cha anthu aulemu amenewo, madzulo a tsiku lomwelo tinasamutsa amayi khumi ndi mmodzi ndi ana awo, ena zovala zili zonyowa pachingwe, mmodzi ali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu. Nyumba imene inabisa anthu zaka khumi ndi zisanu, imene mlongo wanu anaizira okha ndi manja awo, tsopano yatsekedwa. Komiti inakumana Loweruka, ndipo yandituma kuti ndikudziwitseni kuti mpando wanu wachotsedwa. Sitikukuletsani kulira, chifukwa tikudziwa kuti munawakonda m'njira yanu. Tikungokuuzani kuti kumene amayiwo ali tsopano simudzakudziwa.

Ndisabise, ngakhale malemuwo ndawakwiyira. Zaka zonsezi tinkadyera mbale imodzi, anandigwira dzanja pa maliro a mwana wanga, koma chawo anandibisira. Ndinakhala masiku angapo ndikufunsa m'mtima kuti, kodi mayi inu, munatiyesa ndani? Khomo munapachika nokha, bwanji simunalowepo?

Dzulo ndinafunsa Yeabu funso limene linkandisowetsa mtendere, loti anafika bwanji pa nyumba yobisika popanda womuperekeza, pakuti anatulukira yekha masana a tsiku la imfa, khanda lili kumsana, nsapato alibe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Anti Posseh, njira anandiphunzitsa ndi Ya Mabinty. Kuyambira chaka chatha, tikamapeta mpunga, ankandibwerezetsa ngati mwana wa sukulu: ukadutsa mzikiti, ukhote pa mtengo wa mango wachiwiri, chipata chobiriwira. Ndikalakwitsa ankanditsina. Ndinkati, Ya, bwanji tisapite tonse? Ankati, 'Ine ndikalowa mmenemo, amayi onse aja adzati ngakhale Mabinty walephera, ndiye ife ndani? Iwe ukadzaona zavuta, nyamula mwana, usadzandidikire.'"

Sento ndi Abass, ana athu, amenewo ndiwo anali mayi anu. Analakwitsa poganiza kuti tikanawanyoza, ndipo ife tinalakwitsa powalola kuganiza choncho. M'malo mwa mamembala onse a Mthunzi wa Amayi, ndi m'malo mwa amayi mazanamazana amene lero akulera ana awo chifukwa cha iwo, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu ndi kwa onse amene akulira moona. Mulungu wachifundo akupatseni mphamvu zonyamula chisoni ichi, akupatseninso mphamvu zomvera zimene zidzanenedwe, pakuti zidzakhala zowawa, ndipo awalandire mayi anu pamalo pamene palibe wowakwezera dzanja.

Kwa mabanja onse awiri, yankho lathu ndi ili, ndipo silisintha: Yeabu sabwerera. Ndamufunsa katatu ngati akufunadi kukaima pamaso pa woweruza, ndamuuza kuti akakana sitimuthamangitsa. Wati akuopa, koma apita, chifukwa m'mawa uja pa chitsime panalibe munthu ndipo ndowa zonse zinali zodzaza kale.

Lachinayi nthawi ya 9 koloko m'mawa adzanena zimenezi kukhoti. Ife tidzakhala kumbuyo kwake, ndipo mwana ndidzamubereka ine.

Ndine wanu m'chisoni,

Posseh Kanu
Mkulu wa bungwe la Mthunzi wa Amayi
Makeni