Feteleza Wadya Kompyuta Yanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ana ali bwino, amayi miyendo ikuwavutabe, koma ine mtima suli m'malo.

Kompyuta yanu yakale ija yafa. Mukudziwa kuti ndiyo yakhala ikutidyetsa chichokereni inu. Matenanti a m'maesiteti amabwera ndi mafoni awo, ine n'kumawaikira nyimbo. Fumbi la kuno ku Kapelula, kutentha, batire yofooka, zonsezi inapirira osadwalapo.

Titagula feteleza wa makuponi, alamu anu anaopa akuba, n'kulowetsa matumba m'kachipinda ka kompyuta, poti ndiko kokha kali ndi loko. Kompyutayo anaikhazika pamwamba pa matumbawo, ati kuopa chiswe. Mvula itayamba, feteleza anachita thukuta. Dzulo wokonza mawailesi anaitsegula, m'kati monse dzimbiri lokhalokha. Anandifunsa kuti, "Mayi, kodi mumaithira mchere?"

Chonde achimwene, ndagwira mwendo wanu, tipezereni ina, ngakhale imene abwana anu anataya. Zakalezo ndiye zolimba. Fodya akadali m'munda, m'nkhokwe mulibe kanthu. Chimanga chabiriwira ndi feteleza yemweyo, koma chisanache tidya chiyani?

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati