Nsapato za Mayi Abigail Zisagwire Fumbi

Kwa banja la malemu Sajeni Yoram Chikomeni, ku Chililalila, Kabwe.

Lachiwiri m'mawa amayi a bungwe lathu anafika pa nyumba ya maliro atasenza makala ndi ndiwo, ndipo anapeza panja pali piringupiringu: ena akukoka zingwe za tenti, ena akukangana za poimika magalimoto a alendo olemera a ku Highridge, ena akusita yunifolomu ya malemu. M'chipinda, Mayi Abigail, akazi a malemu, anali chigonere pa matilesi popanda wowatembenuza, nsapato zawo zitakankhidwira kuseri kwa chitseko, zili mbuu ndi fumbi. Titaona nsapato zimenezo m'pamene tinavomereza kuti a Sajeni atisiyadi.

Ife a Bungwe la Amayi a Mabanja a Asilikali Opuma muno mu Kabwe tinalandira uthenga wa imfa imeneyi ndi mitima yosweka, pakuti Loweruka lapitali tinawaona a Sajeni ali pakhonde, burashi ili m'manja, ndipo palibe amene akanaganiza kuti kumeneko kunali kutsanzika.

A Yoram anabadwira m'komboni ya mgodi, bambo awo atachoka ku Dowa kudzagwira ntchito pansi pa nthaka ya tauni ino. Analowa usilikali ndevu zisanamere bwino. Anateteza midzi ya kumalire a kum'mawa nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inkathawitsa anthu m'minda, kenako anatumizidwa kunja kukasunga mtendere, nabwerako ndi mendulo zimene ankazisunga m'chitini cha tiyi, osati pachifuwa. Atapuma ntchito sanapume kwenikweni. Pa maliro a ena mwa amuna athu, iwo ndiwo ankayamba kugwira fosholo, ndipo mzere wa chakudya ukasokonekera, ankangokhosomola kamodzi, anthu n'kuima mowongoka ngati ali pa perete.

Koma ife amayi tidzawakumbukira kwambiri chifukwa cha nkhondo ya kunyumba kwawo. Sitiroko itapha Mayi Abigail mbali imodzi, a Sajeni anaphunzira kuphika, kusambitsa, ngakhale kumanga duku, ngakhale kuti poyamba linkapendekera kukhutu. Lamlungu lililonse ankawakankha pa njinga ya olumala mpaka ku Misa, kuzemba maenje ndi maminibasi, mvula kapena dzuwa. Loweruka linali la nsapato za akazi awo. Ankazipaka polishi mpaka munthu n'kudzionerapo nkhope.

Tsiku lina mnzathu Mayi Nellie anawaseka ali pa geti: "A Sajeni, mukungotha polishi. Nsapato zosaponda pansi zikuda liti?"

"Mayi, musandichotsetse ntchito," anayankha osadzutsa mutu. "Mkulu wanga wa asilikali ndi uyu wakhala apayu. Akakalowa m'tchalitchi ndi nsapato zotuwa, adzandigwetsa udindo."

Mayi Abigail, amene mawu awo amatuluka pang'onopang'ono, anati: "Musamumvere. Akufuna atsikana a kwaya aone kuti akadali ndi mphamvu."

Tinaseka mpaka misozi. Umo ndi mmene nyumba imeneyi inalili, ndipo ambiri a ife tinkabwerera kwathu tikuyang'ana amuna athu cham'mbali.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa Mayi Abigail. Tikupepesa ana, a Vitu ndi a Clara, pamodzi ndi adzukulu ndi abale onse. Mulungu amene anakupatsani bambo wotere akupatseninso mphamvu zonyamula chimene iwo atula, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.

Tsopano, inu ana, mutilole tinene zimene zatikhala pakhosi, pakuti ena a ife tinakuberekani kumsana ndipo sitingakuopeni lero chifukwa mwavala masuti. Tamva manong'onong'o akuti maliro akatha Mayi Abigail atumizidwe kumudzi. Kumudzi kwake kuti? Mayi ameneyu anabadwira mu Kabwe, anabatizidwa muno, anzake ali muno, ndipo manda a mwamuna wake akhala muno. Kumene mukunenako kulibe amene akudziwa kuti amamwa tiyi ndi dzanja lamanzere, kapu isanadzaze. A Sajeni anakana zimenezi ali moyo. Musapezerepo mwayi poti atseka maso kuti muchite chimene simukanayerekeza iwo akuona.

Lipenga lidzalira kumanda, yunifolomu idzapindidwa, tenti idzachotsedwa, magalimoto adzabwerera kwawo. Zonsezo n'zabwino, koma sizitembenuza wodwala. Ife tagwirizana kale: m'kati mwa sabata tizisinthana kudzasambitsa ndi kuphika, ndipo Mayi Nellie ayamba Lolemba. Koma mawondo athu anatha, njinga ija sitingaikankhe pa chitunda cha ku tchalitchi. Imeneyo ndi ya inu ana.

A Vitu, a Clara, sabata ino mwasamala alendo n'kuiwala mayi anu m'chipinda. Takhululuka, chisoni chimasokoneza mutu. Koma zisachitikenso. Burashi ili pa zenera pamene bambo anu anaisiya, ndipo nsapato tazipukuta ife lero lokha. Loweruka mmodzi wa inu akhale pakhonde paja azipake polishi, ndipo Lamlungu belu likamalira tikuoneni mu msewu, manja ali pa njinga, mayi anu ali kutsogolo.

Felistas Zimba
Wapampando