Bambo Asuzumira Dzuwa pa Telesikopu

Amake ana,

Musadabwe kupeza nyumba ili zii, ndathamangira kuchipatala ndi bambo anu. Telesikopu yoonera nyenyezi ndinagula dzulo ija ndimaimanga pakhonde, kenako ndalowa m'nyumba kukatenga sipanala. Potuluka ndapeza bambo ailozetsa kudzuwa, akusuzumiramo. Tsopano diso lakumanja likungoona chinthu chakuda pakati, misozi ili chuchuchu.

Mukafika muivundikire ndi nsalu, muitsekere kuchipinda ana asanaweruke kusukulu. Mukatero mutitsatire ndi buku lawo lakuchipatala, lili pamwamba pa kabati.

Pepani, chenjezo ndinaliwerenga pabokosi koma sindinawauze. Iwo akuseka, akuti dzuwa aliona pafupi kuposa aliyense. Ine sindikuseka nawo, pajatu diso linalo linafa kale ndi ng'ala.

Ndine mwamuna wanu