Rauta ya ku Mwami ndi Nambala Yanu

Amayi anga, kodi kumeneko zikuyenda bwanji?

Kuno mtedza wa m'munda mwanu wabereka, ngakhale achimwene anapalira mochedwa monga mwa nthawi zonse. Koma si za mtedza zomwe ndakhalira pansi.

Mukukumbukira ntchito yanga ija munkaiseka, kuti mwana wanu wamkazi amangoyang'anitsitsa timagetsi tothwanima tsiku lonse? Tsopano andipatsa makiliniki athu atatu, ya kuno ku Chipata, ya ku Mwami ndi ya ku Madzimoyo, kuti makompyuta ake azilankhulana. Paliponse pali kabokosi kotchedwa rauta, kamene kamalozera uthenga njira ngati kondakitala wa minibasi. Kale njirazo tinkachita kulemba tokha imodziimodzi, ndipo waya ukaduka ndinkakwera basi kukalemba ina. Lachiwiri ndinati zatha zimenezo. Ndinawatchera marauta aja kuti aziuzana okha njira zomwe akudziwa, ina ikatsekeka asankhe ina. Ndinamaliza cha m'ma naini m'mawa, n'kudzigulira chitumbuwa podzitama.

Isanakwane teni, zonse zii! Uthenga unkatuluka bwinobwino koma osafika. Ndipo amayi, m'mawa womwewo chitsiriza wanu Tamala anali ku kiliniki ya ku Madzimoyo, mimba itakwana masiku, miyendo yotupa, mutu ukumuwawa koopsa. Anesi ankadikira zotsatira za magazi ake kuchokera ku labu ya m'tauni kuti adziwe ngati amutumize ku chipatala chachikulu. Foni pakiliniki paja mukudziwa, mpaka munthu akwere pachulu. Zotsatirazo zinalowa mu netiweki yanga n'kusowera momwemo. Ndinachita mantha omwe sindinachitepo chibadwire.

Nditayang'ana mndandanda wa njira, ndinapeza zonse zikuloza ku Mwami, kwa rauta yomwe ine sindinkaidziwa n'komwe. Ndinakwera takisi, tikuzembazemba mathiraki a pabodala, ine ndikupemphera mokweza mpaka adalaivala kumanditembenukira. M'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa makatoni, ndinaipeza. Rauta yakalekale ya omwe ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere, fumbi lokhalokha, kagetsi kake kakuthwanima! A pakiliniki paja ankayesa inatayidwa. Zaka zonsezi inkalengeza kuti ili ndi njira yachidule yopita m'tauni, yodzera pa mlongoti womwe unagwa ndi mvula zaka ziwiri zapitazo, koma panalibe woimvera. Ine nditaphunzitsa anzake kumvetsera, anaikhulupirira onse.

Munkakonda kundiuza popita ku msika kuti munthu akandilozera njira, ndiyambe ndamufunsa kuti iye anadutsamo liti. Ine sindinaike ngakhale mawu achinsinsi oti marauta azizindikirana nawo. Kulakwa kunali kwanga, sindinamizira wina.

Ndinaizula pamagetsi. Mphindi isanathe anzake anagwirizana njira yeniyeni, zotsatira zinafika, ndipo zinali zoipa ndithu. Ambulansi inamutenga Tamala masana omwewo. Adokotala anati akanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Lachitatu anabereka mwana wamkazi, wamakutu anu enieniwo. Tamutcha Esinati, dzina lanu.

Tsono imvani chomwe chandilembetsa kalatayi. Nditamuona mwanayo ndinatuluka pakhonde la chipatala, n'kutulutsa foni kuti ndiuze munthu. Chala chinapita chokha pa nambala yanu. Ndinazindikira mochedwa, ndikuyembekeza kumva kuti nambalayi sikupezeka. Amayi, inaitana! Anayankha bambo wina, kumbuyo kwake chigayo chikulira, akufunsa kuti ndikufuna ndani. Nambala yanu anaipereka kwa munthu wina, chaka chisanathe n'komwe chikuikireni m'manda. Bambowo anadula okha foniyo.

Rauta ija ndinaizula osaganiza kawiri, chifukwa njira yakufa siisungidwa pa netiweki. Izi ndimaphunzitsa anzanga kuntchito. Koma masiku atatu tsopano ndikuyang'ana dzina lanu mufoni, chala chikukana. Nkhani yabwino iliyonse mwa ine imathamangirabe kwa inu, ndipo njira ina sindinaipeze.

Bambo a kuchigayo aja sindiwavutitsanso, ndalonjeza. Ndizikulemberani chonchi, ndipo Esinati akadzayamba kumva ndidzamuuza mwini dzina lake. Koma nambala yanu, amayi, sindifufuta.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi