Makutu a Nkhumba M'botolo

Nsaru,
9 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Zikani,

Ndikhulupirira muli bwino kusukulu kwanuko ku Joni. Kuno tikukonza nazale ya fodya, koma ine ndili ndi nkhani yovuta yoti ndikuuzeni.

Mukukumbukira vidiyo munatumiza ija, ya makina anu osindikiza akuyala chicherewecherewe chochita kupanga cha m'bondo mzere ndi mzere? Munanenetsa kuti mukadali kuyesa, simunaikepo m'thupi la munthu. Ine ponyadira ndinaitumiza pafoni ya amuna anga, alamu anu a Levison. Kulakwa kwanga ndi kumeneko.

Iwo anayamba kuzungulira m'maesiteti a ku Kabudula, kuonetsa matenanti vidiyoyo, amvekere mlamu wawo ndi dokotala ndipo wawatumizira zinthuzo zochizira mabondo. Ine ndinkangoti akukagula mbuzi monga mwa ntchito yawo. Sabata yatha ndikusesa kuseri kwa matumba a chimanga ndinapeza botolo, tizidutswa toyera tikuyandama m'madzi amchere. Nditatsegula ndinathamangira panja kukasanza. Anali makutu a nkhumba, achimwene, osenda khungu, ena ubweya ukadalipo.

Mawa lake kunafika a Obadiya, tenanti wochokera ku Phalombe, atakweza akazi awo, mayi Febe, panjinga. A Levison anali atawacheka bondo ndi lezala, kulowetsamo kachidutswa ka m'botolo muja n'kumanga ndi nsanza. Nditamasula nsanzayo mafinya anayenderera mpaka kuphazi, ntchentche n'kudzaza khonde. Mayiwo anandifunsa mwaulemu ngati adokotala a ku Joniwo ananena kuti kutupako ndiye kuchira kwake.

Ndinawauza zoona zonse n'kuwaperekeza kuchipatala. Kuchipatalako akuti mwendo upulumuka, koma sudzapindikanso bwino, chonsecho munthu amadyera khasu.

A Levison nditawafunsa sanasiye n'komwe kutafuna kanyenya wawo. Anati, "Nanga za mlongo wakozo zachiritsa ndani?" Ndinayang'ana zala zawo zamafutazo, thupi langa lonse linanyansidwa kuti zinandikhudzapo.

Pempho langa nali. Jambulani mawu m'Chichewa, munene dzina lanu, mufotokoze kuti zinthuzo sizinachokere kwa inu ndipo sizinafike poika mwa anthu. A Obadiya akuti alipo enanso anayi amene anachekedwa, ndipo ine ndiwafuna mmodzimmodzi kuti amve.

Bambo athu akupereka moni, pamodzi ndi ana. Mayi Febe nawonso akuti ndikupatseni moni, alibe nanu chifukwa. Mukamayankha musafunse za alamu anu. Ndikulemba ndili kwa bambo, ndipo katundu wanga ali konkuno.

Ndine mlongo wanu,
Jessie