Za Hana ndi Chiliza cha Amayi

Bangwe, Blantyre

Okondedwa achimwene a Tomasi,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Kasakula. Kaya muli bwanji masiku ano? Bondo lija likukuvutanibe mukamakwera chitunda? Ine kuno ndiliko bwino pang'ono. Bala la opaleshoni likupola, ndayamba kuyenda ndekha mpaka pa mpopi, koma makina osokera adokotala akuti ndiyambe ndadikira.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni muli nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikangotchula dzina la Hana, netiweki ya ku Kasakula imathawa nthawi yomweyo, koma tikamakamba za feteleza imagwira bwinobwino mpaka mayunitsi kutha. Pepala silidukaduka, ndiye muwerenge mpaka pansi.

Kuno madzi akutuluka mwa apo ndi apo, makala akwera, ndipo makasitomala ena atengera nsalu zawo kwa atelala anzanga poona kuti ndachedwa. Zimenezo ndi zazing'ono. Chandilembetsa ndi pakamwa panu.

Mukukumbuka mwana wanga Yamikani atabwera kumeneko pa holide, n'kumafunsa aliyense kuti m'banja mwathu muli ndani ndi ndani. Ndi ntchito imene anawapatsa ku koleji, akuti akuphunzira mmene anthu a m'banja amalankhulirana. Ine ndinamuseka, ndinati sukulu yonseyi n'kukafunsa chimene mwana wa sitandade wani amadziwa? Iye anandiyankha kuti ngakhale ophunzirawo sagwirizana: ena akuti banja ndi magazi, ena akuti ndi ukwati ndi malamulo, ena akuti ndi anthu amene amasamalana n'kumaitanana chibale. Inu munamuyankha bwino lomwe, mawu anu onse akulowa mu foni yake.

Tsopano imvani zimene zinachitika kuno. Atandigoneka m'chipatala, anamwino anati pakufunika wachibale wondidwazika. Mng'ono wanga Roza ali ndi khanda, alamu anali pakati pa kusankha fodya. Msuweni wathu Elifala, wa magazi enieniyo, amakhala ku Ndirande konkuno, koma anabwera kamodzi ndi nthochi, n'kunena kuti fungo la m'chipatala limamuchititsa nseru. Hana atamva kwa Roza, anasiyira amuna ake a Sidik golosale ndi ana, n'kukwera basi kuchokera ku Malomo mpaka kuno. Ankagona pansi, pa chitenje, mphepete mwa bedi langa. Anandisambitsa, ananditayira zonse zimene munthu wodwala amatulutsa, osakwinya nkhope ngakhale tsiku limodzi. Odwala anzanga ankandifunsa ngati ndi mng'ono wanga, ine n'kumati inde, chifukwa yankho lina ndinalibe.

Titatuluka, tsiku lina masana Hana akunditsuka bala, Yamikani anakhala pakhomo kumvetsera zimene anajambula kuti alembe ntchito yake. Ana a masiku ano foni satha kuichepetsa mawu. Tinangomva inu mwadzaza nyumba yonse. Munati banja ndi bere limodzi, ndipo ana a amayi tilipo atatu basi, inu, ine ndi Roza. Munati Hana ndi mwana wa matenanti amene amayi anangomutola, ndipo chilowereni Chisilamu ndi wa kwa a Sidik, kwathu alibeko mpando. Kenaka munaseka, achimwene. Kuseka kumeneko ndiye kumene sikukundichoka m'makutu.

Ndinakuwa kuti azimitse, mnyamata akufunafuna podina, mawu anu akupitirirabe. Hana anangopitiriza ntchito yake. Anamaliza kumanga bandeji, anandifunsa ngati sanathinitse, n'kutuluka kukachapa. M'mawa mwake anati a Sidik ntchito yawachulukira, ayenera kubwerera. Yamikani pomuperekeza ku depoti, Hana anamuuza kuti ku chiliza cha amayi sadzabwera, adzawapempherera ali kwawo, kuopa kupanikiza eni ake a maliro. Eni ake! Mwamva mmene mwatisandutsira?

Za bere mwanenazo tiyeni tikambe, poti mwaziyamba nokha. Munali wamkulu kale, mukuweta mbuzi, pamene mayi ake a Hana anamwalira ku esiteti kuja, bambo ake n'kusowa osatsanzika. Amayi anali akuyamwitsa Roza. Munaona ndi maso anu, Roza mbali iyi, Hana mbali iyo. Nanga bere limene mukunenalo ndi liti? Amayi anali ndi lina lapadera la alendo? Ndipo amene ankamubereka Hana kumbuyo popita kumunda, n'kumamenyana ndi anyamata omunena kuti wotoledwa, sanali inu?

Pa ukwati wake ku Malomo ndinu munakhala nkhoswe. Munavala jekete ya malemu abambo, munaimirira pamaso pa abale a Sidik n'kunena kuti mlongo wanu mwamupereka, akamusamale. Mpunga ndi nyama ya mbuzi munadya mpaka kumasula lamba. Tsiku limenelo Chisilamu sichinakutsamweni. Chayamba liti kukuwawani?

Amayi atagwa sitiroko anakhala m'nyumba ya Hana miyezi yawo yonse yomaliza, chifukwa chipatala chinali pafupi. A Sidik, Msilamu yemweyo, Lamulungu lililonse ankawakweza pa njinga yamoto, Hana atawagwirira kumbuyo, kupita nawo ku tchalitchi chawo. Iwo ankadikira panja pa dzuwa mpaka mapemphero kutha. Mumakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Chabwino, koma amene ankawatembenuza amayi kuti asachite zilonda sanali fupa, anali Hana ndi manja ake.

Ndikudziwa chimene chili kumtima kwanu, Roza anandiuza. Mukuopa kuti tikamutchula Hana pa chiliza ngati mwana wa malemu, mawa ana ake, Mubarak ndi Amira, adzabwera kudzafuna gawo la dimba la kumtsinje lija. Ngati nkhani ndi dimba, nenani kuti dimba, tikhale pansi ndi amalume tikambirane ngati anthu. Hana sanapemphepo ngakhale mzere umodzi, ndipo ana ake khasu amangolionera m'golosale ya bambo awo. Koma munthu wamoyo simungamufufute chifukwa cha kabichi ndi tomato.

Yamikani naye ndamukalipira mokwanira. Masiku awiri sanadye bwino, akuti iye ndiye waphwanya banja. Ndinamuuza kuti foni siinapeke kanthu, inangobweza zimene inapatsidwa. Atangoona kuti mtima wanga watsika, anayamba kufunsa ngati angalembe nkhani yonseyi mu ntchito yake, akuti aphunzitsi ake angaikonde. Ndinamugenda ndi silipasi, bala n'kundikoka. Banja lathu likung'ambika, iye akuganiza za mamalikisi!

Pempho langa ndi limodzi. Pitani ku Malomo. Musaimbe foni, musatume mwana, musatume alamu. Mukwere nokha kudzera pa Boma, msewu ukadali wouma, bondo likawawe pa minibasi. Mukalowe m'nyumba mwake, mukakhale pansi, mukamuuze tsiku la chiliza ndi pakamwa pomwepo pamene panatuluka zija. Mukamuuze kuti adzakhala pamphasa ya ana, osati ya alendo. Mbuzi ya tsikulo mukapemphe a Sidik kuti adzazinge ndi iwo, kuti tonse tidzadye m'mbale imodzi. Mawu opepesera sindikulemberani, ndinu wamkulu, mukawapeza panjira.

Nsalu ya pa mwambowo ndagula kale, ndipo ndikangololedwa kuponda makina ndisoka madiresi atatu ofanana, langa, la Roza ndi la Hana. Mukakanika kupita, ine ndidzabwerabe chifukwa amayi ndi anga, koma ndidzafikira ku Malomo, ndipo anthu akadzafunsa kuti mwana wina uja wa malemu ali kuti, ndidzawalozera kwa inu. Mudzawafotokozere nokha za mabere.

Sindinakulembereni chonchi chifukwa chakuti ndakudani. Ndinu mwini mbumba, ndipo amayi atapita ndinu tatsala nanu. N'chifukwa chake mawu anu amalemera, akagwera munthu amamuthyola.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ufa uja unafika. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa Roza ndi khanda lake, ndi kwa ana anu onse. Yamikani akuti moni, ngakhale akuchita manyazi. Moni wa Hana sinditumiza pa foni, ndaupereka m'manja mwanu. Mukamuuze kuti bala lauma bwino, ndipo bandeji ndikumanga ndekha mmene anandiphunzitsira.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Felista