Mapasa a Katekisimu

Lolemba, 4 Novembala

Katekisimu, njinga yanga yamoto, sanalirebe. Lero Kalilu watsegula injini pansi pa mango paja amakonzera njinga za kabaza, n'kundiitana kuti ndidzionere ndekha. Maginito, chitsulo chozungulira ngati chivundikiro cha poto chimene chimapereka moto ku pulagi, ang'aluka kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Ndinafunsa ngati sangawotcherere. Akuti moto wowotcherera umapha mphamvu yake, tidzatsala ndi chivundikiro cha poto chenicheni.

"Osadandaula Madamu. Kwanu kutchalitchi simumati zakufa zimauka tsiku lachitatu?"

Akabaza anaseka. Inenso ndinaseka, koma lachitatulo linadutsa kale.

Njingayi ndinaipeza pobadwa. Ababa anapatsidwa ndi a mishoni ali katekisiti, dzinalo linachokera pamenepo. Dzina lake lenileni linafufutika pa thanki. Kalilu wajambula manambala a pa injini n'kutumizira anzake ku boma, ku Dwangwa, ku Salima. Onse akungoyankha ndi tinkhope toseka.

Ndikakhala pa Katekisimu ndimafika kunyumba Nester, amene amatithandiza pakhomo, asananyamuke kupita kudimba kwake. Chiwagwireni ababa sitiroko, iye amakhala nawo m'mawa, ine masana. Tsopano ndikuyenda wapansi kuchokera kusukulu mpaka ku tala, kenako kudikira matola. Ndafika kutada. Ababa ndawapeza okha, kapu ya madzi itagubudukira mbali imene dzanja lawo silifika.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ababa agwa. Anayesa kupita okha kuchimbudzi. Chipumi chatupa, bondo lasupuka. Nester anawapeza pansi pobwera kudimba, ndipo anaimbira achimwene a Madalo ku Lilongwe asanaimbire ine. Sindikumuda. Kapena ndikumuda pang'ono.

Lachitatu, 6 Novembala

A Madalo ayimba ndili pa buleki kusukulu. Sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti Loweruka la sabata yamawa, pa 16, abwera ndi galimoto kudzawatenga ababa. Ku Area 25 kuli chipinda, kuli alamu osachoka pakhomo, chipatala chili pafupi. Zonsezo n'zoona. Ndinati njinga ikakonzeka zonse zibwerera mwakale. Iwo anati, "Julia, moyo wa munthu wodwala sitiroko sungadalire chitsulo cha m'nthawi ya atsamunda."

Ndinawauza ababa madzulo. Anagwira mkono wa mpando mwamphamvu, n'kupukusa mutu. Manda a amayi ali kuseri kwa tchalitchi, ababa amawaona ali pakhonde. Pakamwa pawo mawu amatuluka ochepa, koma lero anabwereza limodzi: "Mapasa. Mapasa." Kwathu kulibe mapasa, ngakhale kuchimuna ngakhale kuchikazi.

Lachinayi, 7 Novembala

Kalilu wayesa maginito a njinga za masiku ano izi. Bowo lapakati ndi lalikulu, akungogwedera. Ndipo akuti zamakonozi sizikhala ndi kaphiri kotsegula mapointi, moto wake umachokera m'kabokosi. Ndinaima pamenepo n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva.

Ndalakwa kuwauza a Madalo za mapasa. Akuti, waona, mutu wayamba kusokonekera. Ndinatsutsa, koma ndikuwasambitsa ababa ndinadzipeza ndikuwayang'ana m'maso ngati ndikufuna umboni.

Loweruka, 9 Novembala

Ku Ngala ndi Kalilu, pa kabaza wobwereka. Kutentha koopsa, mchenga wootcha kudzera m'nsapato. A Useni, mwini maboti, ali ndi mulu wa mainjini akufa a m'madzi kuseri kwa nyumba. Anatilandira bwino, anati tingosankha, iwo atopa nazo kupunthwapo. Tinapeza maginito amodzi a mapointi ndithu, bowo lake ngati lomwelo. Pobwerera ndinawanyamula pamiyendo ngati khanda.

Alowa pa shafuti, inde. Koma ndi otambalala, chotsekera cha injini chikukana. Kalilu anati tingayende chosatseka, kungoti tsiku lina adzandidya chitenje ndi mwendo womwe.

Pa gulu lina la pa foni la okonda njinga zakale, mzungu wina wa ku Joni wayankha kuti mtundu umenewu anauonapo kamodzi, mu myuziyamu.

Kodi ababa ndikuwakaniza kupita chifukwa cha iwo, kapena ndikuopa nyumba yopanda munthu? Ndinabwerera kumudzi ndi digiri yanga, anzanga akuthamangira mutauni, ndipo ndimauza anthu kuti n'chifukwa cha makolo. Akachoka ndidzanena kuti chiyani?

Lamulungu, 10 Novembala

Titabwera kutchalitchi ndinawafotokozera ababa za ku Ngala, mongodzilankhulira. Anamenya mpando. Anatambasula dzanja lawo labwino lija, n'kulipotokola ngati akukoka mafuta pa handulo. Kenako zala ziwiri m'mwamba. "Mapasa."

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinafunsa ngati njingazi zinabwera ziwiri. Anatseka maso, n'kupuma mozama ngati munthu amene watula mtolo.

Sabata yonse akhala akundiuza. Ine wophunzitsa chilankhulo.

Lolemba, 11 Novembala

Ndamufunsa Kalilu. Anasiya sipanala, anapukuta manja nthawi yaitali. Amadziwa. Njinga inzakeyo inali ya katekisiti wina, inadutsa m'manja ambiri, pomaliza anagula Idrisa, mnyamata wogulitsa nsomba wa nyumba ya njerwa ija ili pafupi ndi kamlatho, panjira yanga ya kusukulu. Idrisa anagundidwa ndi lole dzinja la chaka chatha. Maliro ndinawamva, koma njinga yake inali yopakidwa penti wobiriwira, ya madengu mbali zonse, sindinaganizepo kuti ndi mtundu umodzi. Akuti kutsogolo kunaphwanyika koma injini ili bwinobwino, ndipo mayi ake, Mayi Sofiya, anaiika m'chipinda cha malemuyo.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Ndinamunyamula nawo pa jeneza popita kumanda, Madamu. Sindingakagogode pamenepo ndi sipanala m'thumba."

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndapita ndekha poweruka. Ndinavala mpango kumutu. Mayi Sofiya ndi aafupi, owonda, amasiye. Anandiyalira mkeka, n'kundipatsa mango m'mbale. Sindinadzitchule dzina, anati amandidziwa, ndine wa njinga uja.

Ndinafotokoza zonse, mwina mochulutsa. Za ababa, za kugwa, za Loweruka. Ndinati ndigula, kapena ndibwereke. Anamvetsera osandidula, kenako anandilowetsa kuchipinda. Njinga ili pakona, yofundidwa nsalu yoyera. Pansi posesedwa bwino. Ndinaona phazi la kiki likusuzumira, lopindika chimodzimodzi ngati la Katekisimu.

Titatuluka anati, "Mwanangu, njinga yanu imalira ngati yake. Palibe ina kuno imalira choncho. M'mawa mukamadutsa ndimadzidzimuka kuti wapita osadya. Masana ndimaimirira kuti ndikamutsegulire. Ndimadziwa kuti ndinu, koma miyendo siidziwa."

Anati masiku ano amene njinga yafa ndi oyamba kukhala phee chichitikireni arubaini, sadaka ya malemuyo. Akuti ankathokoza Mulungu, osadziwa kuti kwathu kukugwa munthu.

Sananene kuti ayi. Inenso sindinafunsenso. Mango ndinawasiya m'mbale, ndipo ndazindikira ndili m'matola kuti kumeneko kunali kupanda ulemu.

Lachitatu, 13 Novembala

Miyezi yonseyi ndimadutsa pamenepo, nthawi zina ndikuimba.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndayamba kulongedza. Malaya a ababa, buku lawo la mapemphero, mankhwala a BP. Ndimachita kuchipinda kuti asaone, koma zipi wa chikwama amamveka. Akana phala.

Ndinaganiza zobwererako kwa Mayi Sofiya. Ndikanene chiyani? Kuti bambo anga amoyo aposa mwana wawo wakufa? Mwina a Madalo akanatha kunena zimenezo mwaulemu. Ine mawu amandithera pamene akufunika.

Lachisanu, 15 Novembala

Sindinapite kusukulu, ndinapempha kwa ahedi. Chakumasana Nester anabwera kudzati kuli mlendo. Mayi Sofiya, atatsika kabaza, kathumba ka mpunga m'manja. Akuti abwera kudzazonda odwala.

Anakhala pansi pakhonde, chapatali ndi mpando wa ababa. Moni anatenga nthawi, ine ndikumasulira kung'ung'udza kwa ababa. Mayiwo anati Idrisa ankawadziwa, akakumana pamsewu ankaimbirana hutala, ndipo ankabwera kunyumba akuseka kuti wakumana ndi abusa pa mbale wake wa njinga. Ababa anagwedeza mutu. Analimbana ndi pakamwa pawo mpaka malovu kutsika, ine n'kupukuta, iwo n'kukankha dzanja langa. Potsiriza linatuluka. "Pepani."

Mayi Sofiya anayang'ana chikwama chimene chinali pakhomo, anayang'ana bondo la ababa. Anacheza ndi Nester za mvula yochedwa ndi mbewa zimene zikudya chinangwa. Potsanzikana, tili kale pamsewu, anati ndimuuze Kalilu apite kukachotsa maginito aja akatuluka ku mzikiti. Chitseko chikhala chosakhoma. Iwo akagona kwa mchemwali wawo, safuna kumva zitsulo zikugogodwa.

Ndinatchula zolipira. Anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi.

Loweruka, 16 Novembala

Maginito a njinga ya Idrisa alowa ngati kwawo. Kalilu anamanga nati, n'kuyika chotsekera, osanena nthabwala ngakhale imodzi. Katekisimu anatsokomola utsi, kenako analira.

Ndinafika kunyumba galimoto ya a Madalo ili kale pabwalo, chikwama chili m'buti. Ababa anali atakana kunyamulidwa, atakola mwendo wawo wabwino ku mwendo wa mpando. Atamva injini anayamba kuseka, kuseka kwawo kwa mbali imodzi kuja.

Tinakambirana kuseri kwa nyumba. Ndinawauza tanthauzo la mapasa aja. A Madalo anati zimenezo sizisintha kanthu, chitsulo china chidzathyoka, ndipo njinga yachitatu kulibe. Sindinatsutse, n'zoona. Ndinangoti munthu amene akutha kundiuza kumene kuli maginito angathenso kunena kumene akufuna kukhala, akawafunse okha. Anapita kukawafunsa, atagwada. Sindinamve zimene anayankhidwa.

Chikwama anatsitsa okha. Akuti tione mpaka Khirisimasi, ndipo ababa akadzagwanso sadzaimba foni, adzangobwera. Anadya, ananyamuka. Achimwene aonda, nawonso sagona.

Lamulungu, 17 Novembala

Nester akuti iye sangakwere njinga ya chitsulo cha munthu wakufa. Ndamuseka. Komabe poipukuta ndinalambalala mbali ya maginito.

Ndaganiza chochita. Ndizizimitsa injini ndisanafike pa kamlatho, n'kukankha mpaka kupitirira nyumba, kukakwera kuseri kwa chitunda. Ndizinyamuka msanga.

Lolemba, 18 Novembala

Ndachita monga ndinaganizira. M'mawa chitseko chawo chinali chotseka. Njingayi ndi yolemera, ndinafika m'kalasi bulauzi itanyowa, Fomu 3 ikundiyang'ana.

Pobwerera ndinazimitsanso. Ndikukankha, tcheni chikuti tche tche tche, matayala akukhwekhwereza mchenga. Mayi Sofiya anali ataima m'mphepete mwa njira, manja ali ndi thovu la sopo. Ndinawalonjera. Iwo maso ali pa tcheni.

"Musamatero," anatero. "Tsiku lija anzake anabwera nayo chokankha. Ndinamva tcheni chokha, ndinadziwa asanalankhule."

Ndinaima osadziwa poyang'ana. Ndinayamba kupepesa, iwo anatukula dzanja.

"Ilizeni. Pompano."

Phazi linaterereka pa kiki, ndinayesanso. Inalira, mokweza kuposa masiku onse, kapena ndi makutu anga. Nkhuku zinabalalika. Mayi Sofiya sanalowe m'nyumba. Anapukuta manja pa chitenje, n'kundiuza ndi mutu kuti pitani, akukudikirani.